Gudumu la Achemwali

Achemwali anga ndi munthu wophunzira, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima kwambiri pa nkhani yonseyi. Ankachita digiri yachiwiri, kafukufuku wawo unali wa akazi omenyedwa m'mabanja. Eya, mwamva bwino. Masana ankajambula mawu a azimayi otupa maso, akaweruka n'kubwerera kwa alamu anga, mphunzitsi wa masamu wa zikhatho ngati mafosholo, amene ankawaponda mwezi ndi mwezi.

Tsiku lina ndinawaperekeza kwa apulofesa awo, m'kaofesi kodzaza mapepala mpaka pampando wa alendo. Apulofesa anatsegula machaputala a kafukufukuyo n'kupukusa mutu.

"Mayi, nkhani mwatola zambiri, koma thiyole, ganizo lozimangirira pamodzi, ili kuti? Kafukufuku wopanda thiyole ndi mulu wa njerwa, si nyumba."

Anayamba kuwerenga pa zala. Pali mathiyole akuluakulu, ofotokoza mmene anthu onse amakhalira. Pali apakatikati, ogwira chinthu chimodzi n'kuchifotokoza bwinobwino. Ndiye pali ina yosatola m'buku, imene imamera yokha m'mawu a anthu omwe wawafunsa. Achemwali anafuna yomalizayi. Apulofesa anati imeneyo imadya nthawi, bola atenge yapakatikati yopsa kale. Anajambula gudumu pabolodi n'kuligawa patatu: mkwiyo uunjikana, kenako uphulika, kenako mwamuna apepesa, alira, agula mphatso. Likafika pamenepo liyambiranso.

"Thiyole yabwino sifotokoza zakale zokha," anatero. "Imalosera."

Achemwali anayang'anitsitsa bolodi lija ngati aona chithunzi cha ukwati wawo. Kuyambira tsikulo pakamwa pawo panali gudumu lokhalokha.

Loweruka lina m'mawa anafika kwanga mlomo utang'ambika, kuphazi nsapato imodzi. Anati basi, banja latha. Ndinatsala pang'ono kululutira. Koma laputopu, momwe munali kafukufuku yense, inatsala kunyumba kuja.

"Tipite ndi apolisi," ndinatero.

"Iwe, mkwiyo wawo unaphulika dzulo. Lero ali m'gawo lachitatu. Palibe tsiku lotetezeka kuposa lero."

"Achemwali, kodi alamuwo bukulo anawerenga? Akudziwa kuti lero ndi tsiku lopepesa?"

"Usamachite nthabwala ndi zinthu zimene sunaphunzire. Azimayi anga a m'kafukufuku anena zomwezi."

Ndinawakalipira, ndinawanyengerera, koma fisi akagwa m'mbuna sayankhula, ndipo wophunzira akagwira thiyole samva. Ndinawabwereka nsapato, tinanyamuka.

Tinapeza alamu pabalaza akusita malaya, wailesi ikuyimba chapansipansi. Magalasi a tambula imene inasweka dzulo lake anali atasesedwa n'kuunjikidwa pakona.

"Mwabwera, mayi?" anatero mofatsa.

Achemwali ananditsinzinira diso, kunena kuti waona? Analowa kuchipinda, n'kutuluka atakumbatira laputopu pachifuwa. Alamu anaimika simbi patebulo, n'kuima pakhomo.

"Imeneyo ikupita kuti?"

"Ndikufuna ndikamalize chaputala chomaliza."

"Chaputala," anatero alamu, akumwetulira. "Digiri imeneyi ndi imene yakutupitsa mutu."

Anawalanda laputopu ija n'kuwamenya nayo kumaso, cham'mbali mwake. Phwa! Dzino linadumpha n'kugwera pansi pa sofa. Achemwali asanagwe n'komwe, alamu anawagwira tsitsi n'kuwagunditsa mutu pafelemu ya chitseko, kawiri, katatu, magazi akulemba mizere papenti. Achemwali atagwa pansi, alamu anayamba kuwaponda m'nthiti ndi chidendene, osakuwa, osatukwana, akungopuma mwamphamvu ngati munthu amene akuwaza nkhuni.

Ndinawadumphira alamu kumsana, ndinawaluma khutu mpaka ndinamva mchere mkamwa. Anandiponya pakabati, mbale zonse khotcho pamutu panga. Nditatsegula maso ndinaona achemwali asiya kutchinga. Manja anali atangogwa pambali, ndipo phazi lija linali likukwerabe n'kutsika.

Simbi ija inali patebulo paja, kagetsi kake kofiira kakuyaka. Ndinaizula ndi chingwe chomwe, n'kuwadinda nayo alamu pakhosi, ndi mphamvu zanga zonse. Chiii! Fungo lake sindidzaliiwala. Anakuwa ngati mbuzi, anatembenuka, ndinawakhoma nayo pachipumi, iwo n'kugwa chagada pakati pa mbale zosweka. Ndikanapitiriza, ndikunena zoona, koma aneba anathyola chitseko n'kundigwira manja.

Kuchipatala anati nthiti za achemwali zathyoka, nsagwada yasweka, diso lakumanzere tiona likaphwa. Ndinaimbira foni apulofesa kuwauza kuti wophunzira wawo sabwera Lolemba, n'kuwauzanso chimene chinatipititsa kunyumba ija. Iwo anayankha mofatsa.

"Pepani kwambiri. Koma thiyole imanena za anthu ambiri pamodzi. Siimalonjeza za munthu mmodzi pa tsiku limodzi."

"Ndiye bwanji simunalembe zimenezo pabolodi paja?"

Ndinadula foni ndisanawatukwanire makolo awo.

Patapita masiku, nthawi yoona odwala, ndinali kuwamwetsa achemwali madzi ndi kapaipi. Ndinangomva wodi yonse yati zii. Alamu anali ataima kumiyendo kwa bedi, bandeji pakhosi, ina pachipumi, m'manja maluwa ndi katoni ya laputopu yatsopano. Anagwada pasimenti, pamaso pa manesi ndi odwala, misozi ili chuchuchu.

"Mayi, ndi satana. Sindidzachitanso. Ndikhululukireni."

Ndinanyamula mpando wachitsulo. Achemwali anandigwira mkono ndi zala zozizira, n'kundikokera pafupi ndi pakamwa pawo pomangidwa ndi mawaya. Diso lawo limodzi lotsala lija linali likuwala, ngati la mwana amene wakhoza samu yovuta.

"Waona?" ananong'ona. "Gawo lachitatu. Linangochedwa."

"Ndiye mukudziwa chimene chikubwera pambuyo pake!"

"Ndikudziwa," anatero.

Kenako anapinda miyendo pang'onopang'ono, akubuula ndi nthiti zija, kuti amuna awo apeze pokhala pabedi.