Kadontho Kamene Ndinkafufuta

Kadontho kakuda kanabweranso pa diso la amayi, pomwe paja adokotala anadula zaka ziwiri zapitazo. Ndinayamba kukaona ndine, pa chithunzi. Loweruka lililonse ndinkawajambula amayi n'kutumiza zithunzizo kwa aphunzitsi ena oferedwa, amene ankawafuna koma akuzengereza kufunsira. Ine ndinali nditasankha kale mtundu wa diresi, poyembekezera ukwati wawo. Ndiye kadonthoko ndinkangokafufuta ndi chala pa foni, chithunzi choyambacho n'kutaya.

Kuchipatala adokotala a maso anawauza amayi kuti aike chibwano pa makina, n'kuwaunika ndi kuwala kopyapyala. Anatembenuza chikope. Anawagwiragwira kutsogolo kwa khutu ndi m'khosi kufufuza mwanabere, osam'peza.

"Khansa ija yabwerera," anatero adokotala. "Ngati ikukula mwaliwiro, mwina tichotsa diso lonse. Kadonthoka kanayamba liti?"

"Ine sindidziyang'ana, adokotala. Funsani mwanayu, wojambula ndi iyeyu."

Ndinapereka foni. Adokotala anaona zithunzi makumi atatu. Monsemo diso linali mbee, ngati mbale yatsopano.

"Ichi n'cha liti?"

"Loweruka lapitali."

Anayang'ana foni, anayang'ana amayi, n'kuyang'ananso foni.

"Mayi, mwana wanuyu amachiritsa msanga kuposa ine."

Palibe anaseka. Ndinaulula zonse, za diresi zomwe. Amayi anangokonza mpango wawo.

"Aphunzitsi ali nazo zawo," anatero. "Amandijambula okha Lachitatu tikakumana."

"Mumakumana? Chiyambire liti, amayi?"

"Iwe, tabwera ndi za diso kuno."

Amayi anawaimbira foni aphunzitsiwo, zithunzi zinafika. Aphunzitsi sadziwa kujambula: amayandikira kwambiri, mphumi amadula, mphuno imatuluka ngati chigubu. Koma kadontho kanalimo, m'miyezi isanu ndi iwiri yonse, kakukula pang'onopang'ono. Adokotala anaziona chimodzichimodzi atatsinzina diso limodzi.

"Tiyesa kulisunga," anatero. "Tidula kadonthoka, m'mphepete mwake tiumitsa ndi chisanu, titenganso tizidutswa tina tikapime. Chilonda chikapola, mankhwala odontheza, kanayi pa tsiku. Amaluma. Zopimazo zikatuluka zoipa tikambirananso. Ndipo ndikufuna chithunzi mwezi uliwonse."

Ndinakweza dzanja.

"Ayi, chemwali," anatero adokotala akulemba tsiku la opaleshoni. "Azijambula aphunzitsi."