A Tcheya ku Phwando la Roko

A Tcheya anali asanafikepo pa msonkhano uliwonse pa nthawi yake, ndipo ankanyadira zimenezi ngati kuti ndi digiri. Anali wapampando wa komiti ya sukulu, wa komiti ya madzi m'dera lawo, wa bungwe la anthu opuma pa ntchito, mpaka dzina lawo lenileni linachita kuiwalika. Ngakhale akazi awo akakwiya ankangoti a Tcheya. Chiphunzitso chawo chinali chakuti munthu wamkulu akafika msanga amamugwiritsa ntchito yoyala mipando. Wamkulu weniweni amalowa anthu atatopa kale ndi kudikira, woyendetsa mwambo n'kudula mawu pakati, wina n'kuthamanga kukamulandira ambulera, wina n'kupukuta mpando ndi mpango wake. Moyo wawo wonse zinthu zinkayenda choncho, ndipo iwo ankayesa kuti ndi mmene dziko linalengedwera.

Chimene chinawakanika kulamulira chinali m'nyumba mwawo momwe. Mzime wawo, mtsikana amene anamutumiza ku sukulu ya unamwino, anasiya maphunziro pakati n'kuyamba kuimba ng'oma m'gulu la nyimbo za roko, zija za magitala olira ngati makina ochekera matabwa. A Tcheya anaitanitsa msonkhano wa banja, anafikanso mochedwa ngakhale unkachitikira pabalaza pawo pomwe, n'kugamula kuti pakhomo pawo sipadzagona woimba ng'oma. Mwanayo sanatsutse. Analongedza chikwama n'kukakhala kwa anzake, ndipo kuchokera pamenepo moni wake unkadzera kwa amayi ake. A Tcheya ankamusowa kwambiri, kungoti chigamulo chinali chawo, ndipo panalibe komiti ina yokachitako apilo.

Tsiku lina akazi awo anaika tikiti pambali pa kapu yawo ya tiyi. Anafotokoza kuti gulu la mwanayo laitanidwa kukaimba ku bwalo lalikulu la zamasewera, pa phwando pomwe padzabwerenso gulu lotchuka lochokera kunja, ndipo mwanayo wapempha chinthu chimodzi chokha: bambo ake adzamuone akuimba. Iwo eni sakanatha kupita chifukwa cha mwendo wawo wotupa.

"Mwana wayamba yekha kukufunani," anatero mayiwo. "Mukapanda kumuona ulendo uno, musadzandifunsenso chifukwa chake safika pakhomo pano."

A Tcheya anavomera, ndipo anavomera ndi mtima wonse.

Tsikulo litafika, alamu awo, mchimwene wa mayiwo amene ankayendetsa takisi, anaimika galimoto pachipata dzuwa lili pamutu, monga tikiti inanenera. Anawapeza a Tcheya ali m'vesiti, akupolisha nsapato mosafulumira. Alamuwo analiza hutala, analowa m'nyumba, anatulukanso, anawatsina khutu kuti zinthu za achinyamatazi sizidziwa kuti wapampando ndani. A Tcheya anawayankha modekha kuti nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya anthu wamba. Anawaphunzitsanso mmene pologalamu iliyonse imayendera: poyamba amaimba ana a sukulu, kenako olankhula ang'onoang'ono, ndipo chinthu chenicheni chimabwera kumapeto. Ng'omazo ankadana nazo, inde, koma sizinawalowe m'mutu kuti mwana wa a Tcheya angakhale m'gulu la oyambirira. Anasita tayi, anamwanso tiyi wina, anavala suti ya ku maukwati, n'kunyamuka mithunzi itayamba kutalika.

Pachipata cha bwalo anadutsa mzere wonse mpaka kutsogolo, n'kutsokomola kachifuwa kawo kamene kanatsegula zitseko zambiri. Mlonda, chimnyamata cha khosi lofanana ndi ntchafu, anawauza kuti atambasule manja, n'kuwapapasa kuyambira m'khwapa mpaka mu sokosi. Kenako anawalanda ambulera. Apa mtima wa a Tcheya unakhalako pansi, poganiza kuti ulemu wayamba, ndipo anamuuza kuti aisamale. Mlondayo anaiponya mu mgolo momwe munali kale maambulera ena ambirimbiri. Atamufunsa komwe kuli mipando ya akuluakulu, analoza ndi chibwano kubwalo, maso ali kale pa munthu wotsatira.

Mpando kunalibe ngakhale umodzi. Kunali chinamtindi cha anthu oimirira, pafupifupi onse atavala zakuda, moti a Tcheya anatsala pang'ono kufunsa kuti watisiya ndani. Mathalauza anali ong'ambika m'mawondo, pena dala. Fungo linali la thukuta, mowa wotayika ndi udzu wopondedwa. Chimene chinawanyansa koposa chinali kuona bambo wa msinkhu wawo, imvi zili mbuu, atamanga tsitsi kumbuyo ngati mtsikana wa pulayimale, akudumphadumpha popanda womuletsa. Pa nsanja, pakati pa masipika aatali ngati nyumba zosanjikiza, anyamata ankakoka mawaya. Mmodzi anagwira maikolofoni n'kunena kuti wani, thuu, wani, thuu. A Tcheya anakonza tayi, poyesa kuti ndiye woyendetsa mwambo, n'kuweramitsa mutu kudikira pemphero lotsegulira.

M'malo mwa pemphero kunabwera chiphokoso chimene sanachimve ndi makutu okha. Chinawamenya pachifuwa, chinanjenjemeretsa mano, mpaka makiyi a m'thumba anayamba kulira okha. Khamu lonse linakuwa n'kukankhira kutsogolo, ndipo a Tcheya anapita nalo, mapazi akukhudza pansi mwa apo ndi apo. Kwa nthawi yoyamba anafika kutsogolo kwa msonkhano popanda wowaperekeza. Kumanzere chigongono cha munthu chinali m'nthiti mwawo, kumanja tsitsi la wina linkawakwapula kumaso, kutsogolo kunali nkhalango ya mafoni okwezedwa m'mwamba. Utsi utafuka pa nsanja anayang'ana kothawira, koma anaona kuti anthu akuusangalalira moto umenewo.

Posakhalitsa pafupi nawo panatseguka bwalo, anyamata n'kuyamba kuthamanga mozungulira, kugundana mapewa ndi kukankhana ngati mbuzi zotsekeredwa m'khola limodzi. A Tcheya anaona ndewu, ndipo anadziwa kuti pamalo ponsepo wamkulu ndi iwo okha. Mutu waukulu sulewa nkhonya. Analowa pakati manja ali m'mwamba, akufuula kuti aliyense akhale pansi nkhaniyi ikambidwe bwinobwino, mbali iliyonse ipatsidwe mpata. Phewa loyamba linawatembenuza, lachiwiri linawagwetsa chagada. Asanayambe n'komwe kulira mayo, manja ambiri anawadzutsa, kuwasasa fumbi, kuwasisita pamsana. Mnyamata wina wa ndolo pamphuno anawapsompsona padazi n'kuwakweza dzanja, gulu lonse likukuwa kuti madala ali bho. Anawabwezera magalasi awo atathyoka mwendo umodzi, atanyowa ndi mowa. A Tcheya anawaika m'thumba, osamvetsa kuti ndewu yake ndi yotani yoti omenyana akuseka.

Atatsamira chitsulo chotchinga kutsogolo, akupuma wefuwefu, anakweza maso opanda magalasi aja n'kuona woimba ng'oma. Anali kumbuyo kwa anzake, pamalo okwera, mu utsi, tsitsi lalitali likuuluka, manja osaoneka ndi liwiro. Ng'oma ikagunda, anthu onse aja ankadumpha pamodzi. Ikaleka, onse ankaima. A Tcheya anali atalamulirapo misonkhano yambiri, koma anali asanamveredwepo chotere. Misozi inalengeza m'maso mwawo. Anachita manyazi ndi mawu onse amene ananena pabalaza paja, ndipo ananyada kwambiri. Anagwedeza mtsikana amene anaima pambali pawo, n'kumukuwira m'khutu kuti ameneyo ndi mwana wawo, wobereka okha.

Mtsikanayo anawayang'ana, n'kuyang'ana chikanema chachikulu cha pambali pa nsanja. A Tcheya anagwirizira magalasi othyoka aja kumaso n'kuyang'ananso komweko. Woimba ng'omayo anadzaza kanema yense: chibambo cha ndevu zofika pachifuwa, chopanda malaya, mikono yonse yojambulidwa zinjoka.

A Tcheya anamufunsa mtsikanayo kuti nanga gulu lija loti ng'oma amaimba ndi mtsikana lilowa nthawi yanji. Anafunsa katatu konse chifukwa cha phokoso.

"Aja anaimba kalekale, madala!" anakuwa mtsikanayo. "Ndi amene anatsegulira, zitseko zitangotsegulidwa. Awa ndi omaliza."

Ulendo wotuluka unali wautali kuposa wolowa, chifukwa tsopano khamu silinkawathandiza. Anawapeza alamu awo atagona m'takisi, mapazi ali pawindo. Alamuwo ataona suti yothimbirira ndi tayi yoloza kumsana anatsegula pakamwa, koma ataona nkhope anatsekanso. A Tcheya anangowauza kuti amuimbire mwanayo foni, akumane kuchipata chakumbuyo.

Poyenda mozungulira mpanda, m'makutu mukulira ngati mwalowa nyenje, mantha okaonana ndi mwanayo anayamba kusanduka nzeru. Kodi aka kanali koyamba kufika zinthu zitatha? Ntchito yothokoza kumapeto kwa mwambo inali yawo kwa zaka zambiri. Anayamikirapo makwaya amene sanawamve, masewero amene sanawaone, ndi malipoti amene anawerengedwa iwo akadali m'bafa, ndipo eni ake ankawaombera m'manja mpaka kuwawa zikhatho. Chinsinsi chake n'kutchula zinthu ziwiri zitatu zooneka ndi maso, kenako n'kukweza mawu. Pofika kuchipata chakumbuyo, pomwe panaima malole onyamula zida, mawu onse anali atayalana bwino m'mutu.

Mwanayo anatuluka thaulo lili pakhosi, timitengo toimbira ng'oma tili m'thumba lakumbuyo. Anali atatsikako thupi, ndipo zala ziwiri zinali zokulungidwa ndi pulasitala. Anapereka moni kwa amalume ake, kenako kwa bambo ake, mwaulemu, n'kuima patali pang'ono. Dzuwa linali likulowa kuseri kwa malole.

A Tcheya anayamba, akukuwa osadziwa chifukwa cha makutu ogontha aja. Anati anaona zonse, kuyambira pachiyambi, ali kutsogolo kwenikweni. Anayamikira utsi, anayamikira magetsi, anayamikira mmene chinamtindi chonse chinkadumphira pamodzi iye akagunda ng'oma, ndi mmene anyamata anasangalalira mpaka kugwetsana. Anaonetsa magalasi othyoka ngati umboni. Anati monga kholo, komanso m'malo mwa banja lonse, ndi wonyadira. Mawu omalizawa anali oona. Alamu awo ankangoyang'ana matayala a lole.

Mwanayo anawasiya mpaka anamaliza. Sanakwiye, ndipo zimenezo ndi zimene zinawaopsa a Tcheya.

"Ababa, ife poimba kunalibe utsi," anatero. "Oyambirira sawayatsira zimenezo. Dzuwa linali phwee, ndipo anthu anali ochepa moti ndimaona nkhope ya aliyense. Ndinaonanso amayi ogulitsa madzi, ndi alonda onse."

A Tcheya anatsegula pakamwa kuti anene za kuchuluka kwa magalimoto pamsewu, koma alamu awo anali pomwepo.

"Nthawi yathu itakwana ndinawapempha anzanga kuti tidikire pang'ono," anapitiriza mwanayo. "Ndinawauza kuti bambo anga amachedwerapo, koma amafika. Tinadikira mpaka oyang'anira nsanja anatikalipira. Ndiye anatidula nyimbo yomaliza, chifukwa nthawi inali itatha. Inali yokhayo imene ndinapeka ine."

Kuseri kwa mpanda chibambo cha ndevu chija chinali chikugundabe, khamu likuyankha. A Tcheya anafufuza m'mutu mwawo, momwe munkakhala mawu okwanira mwambo uliwonse, wa chisangalalo kapena wa maliro, koma sanapezemo kanthu. Anamva chisoni chachikulu, ndipo analakalaka pakanakhala mpando. Wina anamuitana mwanayo mkati kuti adzathandize kukweza ng'oma m'galimoto. Iye anayankha kuti akubwera, n'kuuza amalume ake kuti ayende bwino ndipo akawaone amayi mwendowo.

"Mwanawe," anatero a Tcheya, ulendo uno motsitsa mawu, "mudzaimbanso liti? Ndidzafika m'mawa, ngakhale zitseko asanatsegule."

Mwanayo anaima pachipata, dzanja lili pa chitsulo. Anawayang'ana bambo ake kuyambira kudazi mpaka ku nsapato zopondedwapondedwa zija, ndipo kwa kanthawi anaoneka ngati aseka, kapena alira.

"Ndidzawauza amayi," anatero, n'kulowa.