Ulusi wa Pamkono pa Nida

Nkhululu zikasintha kaliridwe, ndiye kuti m'khola mwalakwika china. Zimenezi ndinamuuza Nida, mdzukulu wanga, asanayambe n'sukulu komwe, tili kunsi kwa nyumba yathu yokwezeka pa nsanamira, kumene ndimawetera nkhululu m'makhola a simenti. Ndikanadziwa kumene mawu amenewo adzamufikitse, bwenzi nditangokhala chete.

Atamaliza maphunziro ake mumzinda wa Khon Kaen anabwera ndi kabokosi kakuda kosaposa chikhatho, n'kukamangirira pa khola la pakona.

"Kameneka n'kachiyani?" ndinafunsa.

"Kamamvetsera nkhululu, Agogo. Zikadwala, zikamva ludzu, kapena kukatentha kwambiri, kamazindikira msanga n'kundiuza pa foni."

"Ndiye kamamva ndi za anthu zomwe?"

"Kamamva zonse, koma miseche yanu kalibe nayo ntchito."

Ine sindinakakonde. Chinthu chokhala ndi khutu koma chopanda pakamwa chimandiopsa. Ndikamadutsa pafupi ndinkatseka pakamwa, ndipo amayi obwera kudzagula nkhululu ndinawachenjeza kuti nkhani za amuna awo azikambira kuseri kwa nkhokwe.

Chaka chisanathe, Nida anayamba kutchula dziko la Finland. Anati kumeneko kuli anthu oweta nkhululu m'nyumba zotenthetsa, amazigaya n'kupanga ufa, koma khutu lozimvera alibe. Anatinso boma lakumeneko limapereka chilolezo chokhala m'dzikomo kwa mlendo wobwera ndi nzeru yatsopano yoyambira bizinesi. Iye ndi mnzake wina wa konko anafuna kukayambitsa kampani yopanga timabokosi timeneti.

Mlamu wanga Thongdi, amene amatsogolera miyambo m'mudzi muno, atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Mlamu, paja azungu ankatiseka kuti timadya tizilombo? Lero akuitana mwana wathu. Nane nditumizeni ndikawaphunzitse kudya achule."

"Iwe ukafika pabwalo la ndege pokha wafa ndi mantha," ndinamuyankha. Kenako ndinatembenukira kwa Nida. "Akuti kumeneko dzuwa limabisala miyezi. Munthu wosaona dzuwa amatupa miyendo. Madzi amauma ngati mwala, ukaterereka n'kuthyoka chiuno akakutola ndani? Mpunga womata kulibe. Ukadwala ukalira m'chilankhulo chanji?"

"Ndikalira m'chathu chomwechi, Agogo. Misozi safunsa womasulira."

Ankayankha moseka, koma ankadziwa chimene chinali pansi pa machenjezo angawo.

Bunmi, mwana wanga, bambo ake a Nida, anapita kukamanga nyumba zitalizitali kutsidya kwa nyanja Nida akadali woyamwa. Monga timachitira tonse, tinamuchitira mwambo tsiku loti mawa anyamuka. Thongdi anaitana timizimu take ta m'thupi, tamantha tija timathawa munthu akadzidzimuka kapena akapita kutali, ndipo ife tinatimangira m'thupi mwake ndi ulusi woyera wathonje pamkono. Ulusi umenewo suchoka masiku atatu asanakwane, ndipo sudulidwa ndi chitsulo. Umamasulidwa ndi zala, apo ayi umagwa wokha. Koma Bunmi atangofika, kapitawo wa kuntchitoko anati ulusi ungakodwe m'makina, n'kuudula ndi sizasi. Mwana wanga anatiuza pa foni akuseka. Chaka chotsatira anagona bwinobwino, osadzukanso. Madokotala anati ndi mtima. Ine ndikudziwa kuti timizimu take tinabalalika m'dziko lachilendo, tinasowa njira yobwerera. Mayi ake a Nida atakwatiwanso ku Bangkok, mwanayo anatsala ndi ine.

Miyezi inadutsa Nida akulankhula ndi anthu a kutaliwo pa kompyuta, atavala malaya abwino kumtunda, kumunsi nsalu yogonera. Kenako anapita ku ofesi ya kazembe ku Bangkok kukadinda zala.

"Zala zako wazisiya kwa anthu osawadziwa?" ndinamufunsa atabwerako.

"Nazi, Agogo, ndabwera nazo zonse khumi."

Chilolezo chinabwera mpunga utayamba kubereka. Kanali kakhadi kolimba, kokhala ndi nkhope ya Nida yosamwetulira, ngati munthu wamva uthenga wa maliro. Ine kuwerenga sindidziwa, choncho ndinangokatembenuza.

"Apa alemba anthu angati?"

"Ine ndekha."

"Nanga timizimu tako takalowa bwanji, poti sitinalembedwe?"

Sanaseke. Anakhala pansi pafupi ndi mapazi anga n'kunditambasulira mikono yake iwiri.

"N'chifukwa chake ndikufuna mundimange inuyo, Agogo. A Thongdi aitane, koma woyamba kumanga mukhale inu."

"Kumene ukagwire ntchitoko amalola ulusi pamkono?"

Mwana ameneyu bodza sanaliphunzire. Anayang'ana pansi. "M'nyumba zopangira chakudya salola kanthu m'manja, ngakhale mphete. Tsiku loyamba lomwe ndikuyenera kukalowamo."

"Ndiye akadula."

"Ndikamasula ndekha."

"Masiku asanakwane? Ayi. Ndinamangapo mwana mmodzi kuti akamudule. Wachiwiri sindimanga."

"Mukapanda kundimanga sindipita," anatero motsitsa mawu. "Koma amene atithandiza ndi ndalama zoyambira sadikira. Ndikapanda kufika tikamamaliza kukolola, kampaniyo yatha, ndipo chilolezochi chimatsamira pa kampaniyo."

Kunena zoona, mtima wanga unakhala pansi. Ndinati basi, ndapeza chingwe chomugwirira. Ndingokhala chete mpaka mpunga ulowe m'nkhokwe.

Koma ine ndili ndi maso. Mpunga ukuyamba kufiira, ndinaona Nida akuthira mchere kawiri mu papaya wosinja. Tsiku lina anaika maungu a nkhululu m'khola lopanda nkhululu. Ukamuitana ankatembenuka mochedwa, ngati mawu adutsa kaye pamtsinje. Sankadandaula, ankagwira ntchito zonse, koma m'maso mwake munali ngati nyumba yoti eni ake asamuka n'kusiya chitseko chotsegula.

Masana ena kutatentha, ndinagona m'machila kunsi kwa nyumba. Nkhululu zinkalira m'mathileyi a mazira amene timaziikira kuti zizibisalamo, zikwi ndi zikwi, mpaka kulirako kunasanduka ngati mvula yakutali. Machila anayamba kuyandama. Ndinadutsa pamwamba pa minda, pamwamba pa denga la kachisi, njati zikuchepa mpaka kukhala ngati nyerere, kenako ndinatera pamalo oyera mbee ngati wina wakhuthula ufa padziko lonse. Kunali zii. Ngakhale mapazi anga sankamveka.

Patsogolo panga panali chitseko chagalasi, ndipo pakhomopo panali mzere wa tiana. Tiana tonseto tinali ndi nkhope ya Nida. Kena kanali Nida wongophuka mano, kena Nida wa yunifolomu ya sukulu, kena Nida uja anagwa mumtengo wa bwemba, bondo likadali ndi magazi. Tinali topanda nsapato, titakumbatirana chifukwa cha kuzizira.

"Mukutani kuno?" ndinafunsa. "Ndani wakulolani?"

Kakang'ono kwambiri kanandigwira nsalu. "Tinatsogola kale, Agogo. Thupi lathu libwera liti? Tazizidwa."

Ndinafuna kutinyamula tonse, koma manja anga anali odzaza ndi thonje losapota. Pamenepo ndinaona mwamuna ataima patali pang'ono, atapendeketsa mutu ngati womvetsera. Anali Bunmi, wachinyamata monga anachokera, mikono ili yopanda kanthu.

"Mayi," anatero, "kuno kulibe cholira. Ndikanamva nkhululu zanu, bwenzi nditatsata."

Ndinadzuka thukuta lili kamukamu. Nida anali atakhala pa khola la pakona, akuyang'ana khoma, mpeni ndi dzungu zili m'manja osadula.

Ndinavala nsapato n'kupita kwa Thongdi. Ndinamupeza akusenda nsungwi.

"Mlamu, wabwera kudzandifunsira ukwati tsopano?" anatero.

"Ndikafuna chigoba chopanda kanthu ngati iwe ndikatola kudambo. Tandiuza, ndani analamula kuti ulusi uzimangidwa mawa lake munthu akunyamuka?"

Anakanda mutu. "Timatero basi. Abale amakhala asonkhana, nkhuku yaphedwa kale."

"Mawu amene umanena aja amatchula tsiku?"

Anayamba kung'ung'udza mawu akewo kuyambira pachiyambi, atatsinzina, chala chikuvina m'mwamba. Atafika kumapeto anatsegula maso. "Satchula."

"Ndiye uitane mawa. Timizimu ta mwana uja tili kale ku Finland, tikuzizidwa pakhomo. Utiitane timizimuto tibwerere m'thupi, tikhazikike masiku onse atsalawa, ulusi uli pomwepo ine ndikuuyang'anira. Akamanyamuka akhale wathunthu, pasakhalenso choti munthu adule."

"Anthu adzati tachita mwambo wa ulendo munthu asanagule n'tikiti yomwe."

"Anthu ananena chiyani Bunmi atabwera m'bokosi?"

Thongdi anaika mpeni pansi. Sanaseke.

M'mawa mwake tinapinda masamba a nthochi, tinabaya maluwa achikasu, tinaika dzira lowiritsa ndi mpunga womata pa mbale yamkuwa ya mayi anga. Anansi anabwera akunong'onezana. Nida anakhala pamphasa osamvetsa, mpaka ataona ulusi m'manja mwanga. Pamenepo ananditambasulira mikono yake.

Thongdi anaitana ndi mawu ake aatali aja. Anaitana timizimu totsalira m'minda, m'mabasi a ku Khon Kaen, m'maofesi a ku Bangkok. Kenako anawonjeza zakezake: "Inunso amene mwathamangira ku Finland opanda juzi, bwererani. Mwini wanu akadali kuno, mpunga ukadali wotentha." Anthu anaseka, ndipo Nida anaseka nawo, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chibwerere kakhadi kaja.

Ndinasesa mkono wake ndi ulusi kuchotsa zoipa, ndinasesanso kulowetsa zabwino, n'kumanga mfundo. Kenako Thongdi ndi anansi anamanganso wawo.

"Upita," ndinamuuza. "Koma umve. Mpaka tsikulo mpeni usaugwire, sizasi usaiyandikire, chikwakwa ndiye usachiyang'ane n'komwe."

"Nanga kukolola, Agogo?"

"Uzinyamula mitolo. Mikono ija ukhale nayo kutali ndi a Thongdi, amadula chilichonse chili pafupi."

Ndinamulondera ngati nkhuku yofungatira. Akamasamba ndinkaima panja pa bafa kumufunsa ngati ulusi ulipo. Ulusi unada, unanunkha nsomba ndi utsi, koma sunachoke. Ndipo mwana uja anabwerera m'maso mwake. Anayambanso kundiyankha ndisanamalize kulankhula.

Tsiku la ulendo, galimoto ikudikira pamsewu, ndinamukhazika pa khola la pakona. Mfundo zinali zitalimba ndi madzi, ndipo zala zanga n'zokalamba. Woyendetsa analiza hutala. Thongdi anatulutsa kampeni kake mwanthabwala, ndinangomuyang'ana, n'kukabweza m'thumba. Ndinamasula umodziumodzi, wa anansi, wa Thongdi, pomaliza wanga.

"Ndiutenge m'chikwama?" anafunsa Nida.

"Ayi. Kabokosi kako aka, ukakhala kumeneko kazimvekabe?"

"Paliponse pali foni yanga."

Ndinazenga ulusi wonse pa kabokosiko n'kumanga. "Uzikatsegula pa foni yakoyo tsiku lililonse. Kamzimu kena kakasochera m'ufa woyera wozizira ndinaulota uja, kazimva nkhululu za kwathu, kadziwe kumene kuli kwawo. Ukaona bambo ako m'maloto, uwatsegulirenso."

Anakhudza mapazi anga ndi mphumi yake, n'kukwera galimoto. Sindinalire pamsewu, kuopa kumuitanira tsoka.

Tsopano m'mawa uliwonse ndikathira gaga ndi maungu, ndimakokera kampando pa khola la pakona. Poyamba ndinkangotsokomola kuti Nida adziwe kuti ndilipo. Kenako ndinayamba kunenako pang'ono: kuti asayende pamadzi ouma, asadye chakudya cha munthu amene sakudya nawo, asagone tsitsi lili lonyowa, kakhadi kaja azikasunga m'kati mwa malaya osati m'chikwama.

Sabata yatha Nida anaimba foni yoonana nkhope kudzera kwa Thongdi. Nkhope yake inali yofiira ndi kuzizira, chipewa chili mpaka m'maso, tsitsi likusuzumira m'mbali.

"Agogo, kabokosi kanga kakundiuza m'mawa uliwonse kuti m'khola la pakona mwalowa chilombo chachikulu cholira modandaula. Mnzanga uja wasokonezeka, akuti makina athu awonongeka."

"Ndiye ndisiye?"

Kumbuyo kwake, pawindo, ufa uja unkagwa pang'onopang'ono monga ndinauonera m'maloto.

"Musasiye," anatero. "Ndakaphunzitsa kale mawu anu. Koma za tsitsi lonyowa mwanena kanayi."

"Ndinenanso mawa," ndinamuuza. "Ndakuona, silinaume."