Nambala Pansi pa Penti

Thirakitala inafa pasanapite nthawi chimwalirireni mwini wake, ngati anachita kupangana. Pampu ya madzi inang'aluka ili pakati pa munda, anthu n'kuchita kuikankha mpaka m'shedi.

Mwana wamwamuna wa malemuyo anaimba foni ali m'tauni.

“Amayi, chitsulo chimenecho chakalamba. Mvula ikayamba chisanalire, ndikutumizirani wogula zitsulo zakutha adzachichotse.”

Sankanena mwankhanza ayi. Kungoti ana akapita m'tauni amayesa chinthu chikasiya kuyenda ndiye kuti chasiyanso kukhala cha munthu. Sankadziwa kuti pakhomo ponsepo malo amene ankanunkhabe bambo ake ndi pampando wa thirakitalayo, ndipo mayi ake ankamwera tiyi pomwepo chifukwa patebulo pankawachititsa ulesi kukhala okha.

Mayiwo anakwera basi kupita kwa wogulitsa masipeyala, namuuza kuti akufuna pampu ya thirakitala yofiira.

“Mayi, kufiira si mtundu wa thirakitala,” anatero wogulitsayo akuseka. “Kunsi kwa chiwongolero kuli kachitsulo kakang'ono kokhomedwa. Pamenepo pali nambala ya mtundu wake, palinso nambala yakeyake. Mundibweretsere zimenezo.”

Kachitsuloko kanavuta kukapeza. Malemuwo anali ndi matenda a penti. Akapaka chitseko, penti yotsala m'chitini inkathera pa thirakitala, osasiya bauti, osasiya waya. Akanakhala ndi burashi yaikulu bwenzi atapaka ndi nkhuku zomwe. Mayiwo anafufuza ndi zala mpaka anamva katumphu, n'kuyamba kupala ndi mpeni wa kukhitchini.

Pansi pa yofiira panatuluka yobiriwira, ya mawindo a kuchipinda. Pansi pake panali yachikasu, ija anapaka kabedi ka mwana wawo woyamba, n'kukangana tsiku lonse chifukwa mayiwo ankafuna yoyera. Apa mpeni anayamba auika pansi. Anawasowa amuna awo koopsa, ndipo m'shedimo munalibe womuuza.

Manambala ataoneka, anawalemba pachikhatho. M'basi anakhala dzanja lili chotambasula ngati wopempha, kuopa kuti thukuta lingafufute. Pampu yong'alukayo anaitengera m'chikwama.

Wogulitsa uja anawagwira dzanja, nalemba manambalawo pa kompyuta.

“Yapezeka! Koma awa ndi agogo a mathirakitala, inapangidwa ine ndisanabadwe. Mwayi wanu, pampu yake ilipo.”

Mtima wa mayiwo unakhala pansi. Wogulitsayo analowa mkati, natuluka ndi katoni yafumbi, naika pampu yatsopano pambali pa yakale. Anaitembenuza uku ndi uku. Mabowo a mabauti sankagwirizana ngakhale limodzi.

“Ayi, mayi. Thupi ndi lomweli, koma injini si yake. Winawake anaisintha. Pa injinipo simunaone nambala ina?”

“Pali dzimbiri lokhalokha, bambo. Malo a nambala anadyeka.”

Ndipamene anakumbukira. Kalekale, ana adakali aang'ono, amuna awo anafika ndi injini pa lole, atada ndi oyilo mpaka m'makutu, ali ndi nkhani yaitali ya kumene anaipeza. Mayiwo anali pa ntchito yochapa, ndipo anawadula pakamwa kuti akayambe asamba. Nkhaniyo sinabwerenso. Munthu ukakhala naye tsiku ndi tsiku umayesa udzamufunsa mawa.

“Kungoganizira sindingathe, injini zoterezi zilipo mitundu yambirimbiri,” anatero wogulitsayo akubweza pampu m'katoni. “Koma musadandaule. Amene anaiika akudziwa kumene anaichotsa. Mukangowafunsa bambo kunyumbako, mawa lomwe tithana nazo.”

Kumbuyo kwawo kunali anthu pamzere, wina akugogoda kale pakauntala ndi makiyi. Mayiwo anacheuka, naona nkhope za anthu osawadziwa.

“Chabwino,” anatero. “Ndikawafunsa.”

Anaika pampu yong'aluka m'chikwama, anathokoza, napatsa mpata wotsatira pamzere.