Magazi a Mkute

Azakhali anga a Zena anthu amawatchula kuti a Sajeni, koma osati pamaso pawo ayi. Iwo akamvera mphekesera amaganiza kuti n'chifukwa cha mayendedwe awo, paja akamapita kumsika amaponda ngati akuguba. Chifukwa chenicheni mudzi wonse unkachidziwa, kupatula eni akewo. Ine ndinachimva amayi akuluka tsitsi la anzawo, ine ndikunamizira kusankha mpunga pakhonde. Ndikuuzani, koma ndiyambe ndi za mlamu wanga.

Mlamu wanga Rute anabwera ndi nkhondo ya ku Mozambiki. Analowera pa Chiponde ndi mchimwene wake Mateus, atasenza mphika ndi bulangete basi. Achimwene anga a Atumani anamuona pamzere wolandira ufa, iwo akugulitsa usipa chapafupi, ndiye zinazo mukuzidziwa. Chaka chisanathe Rute anali ndi pakati.

Koma pakatipo panamuzunza. Lero malungo, mawa malungo, m'manja mbee ngati wagwira ufa. Kusikelo anamwino anamutsegula chikope n'kupukusa mutu. Anati magazi ndi ochepa, tsiku lochira pangadzafunike owonjezera, ndiye achibale aperekeretu. Achimwene atayezedwa, akuti awo ndi a gulu lina. Ine anandithamangitsa, ati ndine mwana. Magazi a Mateus ndi amene anagwirizana, ndipo atawayeza matenda anapezeka abwinobwino. Iye anali atamanga kale katundu kuti abwerere kwawo mozemba, akafunefune amayi awo amene anatayana nawo pothawa. Anapereka tsiku lomwelo, m'mawa mwake ulendo.

Vuto n'lakuti azakhali analowa nawo m'chipinda chopoperamo magazicho. Paja palibe chitseko chimene chimawaletsa azakhali. Anatuluka maso ali tong'o.

"Sakina, ndaona ndi maso angawa! Thumba la magazi lija, asanam'baye n'komwe singano Mateus, linali kale ndi madzi pansi pake. Madzi! Ngati mmene amachitira ogulitsa mkaka aja!"

Pofika madzulo nkhani inali itamera miyendo. Pamjigo ankati magazi amawasungunula kuti thumba limodzi likwane anthu awiri. Wina anati atatu. Rute ankangomvetsera, dzanja lili pamimba. Pajatu kuno alibe amayi, ndiye chimene anena azakhali kwa iye ndi lamulo.

Mwana anachedwa kubwera. Mwezi unatsala pang'ono kukwana chiperekere magazi aja, ndi pamene matenda anayamba, Lachisanu masana, amuna onse ali kumzikiti, achimwene ali kunyanja cha kwa Makanjira. Tinapita kuchipatala ine, amayi ndi azakhali. Kanabadwa kamtsikana kolira ngati kali ndi mlandu ndi dziko lonse. Koma Rute anataya magazi ambiri. Pamene anamwino anawaletsa, milomo yake inali itayera, ngakhale kunyamula mwana manja amangogwa.

Kenako anabwera bambo Blackson, amene amayeza magazi, atanyamula thumba lofiira moderako.

"Mayi, magazi a achimwene anu aja ndi awa. Mukavomera tikuikani pompano."

Azakhali anaimirira pakati pa bedi ndi bambowo, manja m'chiuno.

"Magazi ati? A mkute aja? Bambo inu, ife tikazinga mbuzi magazi amaundana mpeni tisanatsuke. Chambo chikagona tsiku limodzi ntchentche zimachitapo ukwati. Ndiye magazi a munthu agone mwezi? Othira madzinso?"

"Madzi munawaona aja si a pamjigo, mayi," anatero a Blackson mofatsa. "Amabwera momwemo kuchokera kumene amapanga matumbawa. Muli mankhwala a mtundu wa zimene zimawawasitsa ndimu, oti magazi asaundane. Mulinso shuga, chifukwa magazi ndi amoyo, amafuna kudya. Tikawaika mufiriji amakhala ngati agona, n'kumadya pang'onopang'ono. Amatha mwezi ndi masiku angapo. Awa nthawi yake sinathe."

"Ndimu ndi shuga! Ndiye mwati ndi magazi kapena tiyi?"

Azimayi a m'mabedi enawo anaseka. Ine ayi, chifukwa ndimaona Rute akupukusa mutu.

"Sindikufuna zowola, mlamu," anandinong'oneza. "Muitaneni Mateus apereke ena."

Timuitane kuti? Munthu ali kutsidya kwa malire, m'tchire la nkhondo. A Blackson anati a gulu lake ena mufirijimo mulibe, ndipo munthu wokana sam'kakamiza. Anamwino anakokera amayi pambali, koma makutu angawa sagona. Ndinamva akuti, "Akapanda kulandira, za mawa sindikulonjeza."

Amayi amati pakamwa panga ndi lichero lobooka. Za a Sajenizi anandiopseza kalekale: ukadzayerekeza kuzinena, udzasamukira kwa anyani. Ndiye ndinazisunga, ndipo musaone ngati zinali zophweka. Koma ndinayang'ana kamwana kaja kakufunafuna bere m'chitenje cha amayi, ndinayang'ananso Rute maso akutembenuka. Ndinati basi, anyaniwo andilandire.

"Azakhali, nanga inuyo munawola?"

"Ukuti chiyani iwe?"

"Sakina!" anatero amayi, koma lichero linali litabooka kale.

"Chaka chija munabereka Simioni, si munakomoka osadziwa kanthu? Amuna anu, amalume a Che Mustafa, anakuuzani kuti anakuikani diripi basi. Sinali diripi yokha. Anali magazi a msilikali wa ku Monkey Bay. Asilikali anadzapereka pagulu, magaziwo n'kugona mufiriji momwemo masabata ndi masabata, ndi madzi ake omwewo. Amalume anaopa kuti mukamva muwaswa mutu. Nanga dzina la Sajeni mumaona ngati linachokera kuti?"

Ngakhale mwana anasiya kulira, kaya amamvetsera nawo.

Azakhali anatembenukira kwa amayi. "Mlamu, n'zoona zimenezi?"

Amayi anayamba kukonza chitenje cha mwana chimene chinali chokonzeka kale. "Munachira, si basi?"

"Ndiye mudzi wonse..."

"Mpaka a ku Malindi akudziwa," ndinatero. Amayi ananditsina, chipsera chake chilipo mpaka pano.

Rute anawayang'ana azakhali kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mkono ngati munsi. Munthu wosenza beseni la nsomba kuchokera kudoko mpaka kumsika osatula. Munthu amene anakankhapo mnyamata wa kabaza n'kugwera mungalande ndi njinga yake yomwe. Kenako mlamu wanga anaseka, kaseko kopanda mawu, mapewa okha kugwedezeka.

"Ngati zowola zimanenepetsa chonchi," anatero, "ndiikeni."

Anatambasula mkono yekha. A Blackson sanachedwe, kuopa kuti azakhali angatsegulenso pakamwa. Koma azakhali sanatsegule. Anakhala pansi pa simenti, maso pa thumba lija likudontha dontho limodzilimodzi, chete, zimene sindinazionepo chibadwire. Nthawi ina ndinawaona akudzigwira mkono, kumaufinya, ngati akufuna kumva ngati msilikaliyo akadalimo.

Kutacha Rute anadzuka yekha n'kutsamira khoma. Ndinamutsegula m'manja, mwayamba kufiirira. Anapempha phala, n'kudandaulanso kuti shuga wachepa. Munthu akayamba kudandaula za shuga ndiye kuti wabwerera. Amayi analira, kenako anaseka, kenako anandituma madzi ngati palibe chachitika. Za anyani sanazitchulenso. Kamwana kanagwira bere osafuna kusiya.

"Mateus akadzabwera," anatero Rute, "ndidzamuuza kuti anapita theka, theka linatsala mufiriji kundidikira."

Ndikupita kukatunga madziwo, azakhali anandigwira dzanja kuseri kwa wodi. Ndinatseka maso kudikira khofi.

"Iwe wodziwa zonse iwe," anatero motsitsa mawu. "Msilikaliyo anali Msilamu?"

"Zimenezo sindikudziwa, azakhali."

"Iwe osadziwa? Mvula igwa lero." Anandikokera pafupi. "Nanga anali sajeni weniweni?"

"Akuti anali kopolo."

"Kopolo basi?"

Zinawapweteka kuposa zonse zija. Anamanga chitenje mwamphamvu, n'kufunsa ngati Rute wadya, ndinati eya, wamaliza mbale yonse. Anati kamuuze apume, ndibwera ndi chambo chowotcha masana, magazi a mkutewo asagone ndi njala. Atatero anauyamba wa kumudzi, akuponda ngati akuguba, kukaonana ndi amalume a Che Mustafa. Amalumewo sabata imeneyo anagona kudoko, ati amalondera maukonde.