Masamba a M'filiji

Namfedwa anapeza beseni kuseri kwa chitseko cha khitchini, timajumbo ta masamba a tiyi titaunjikana m'menemo, tikudontha madzi. Atatsegula filiji anapeza yadzaza nyama ya anthu obwera pamaliro.

Amuna ake anali atawaika m'manda dzana. Ankagwira ntchito ku labotale yofufuza za tiyi, ndipo masambawo anali otsala a chitsamba chimodzi chomwe chinafa ndi chilala. Malemu ankakhulupirira kuti m'masambamo muli zinthu zoteteza maselo a m'thupi la munthu. Filiji ya kuntchito itayamba kuvuta, anawabweretsa kunyumba ndi lamulo limodzi: asasungunuke. Ankalalikira aliyense, ngakhale wodzawerenga mita ya madzi, kuti tsamba likauma ndi chisanu maselo ake amang'ambika, ndiye likasungunuka madzi ake amakumana ndi mpweya n'kusanduka zina. Kubiriwira kumapita, kufiira kumabwera, ndipo kubwerera kulibe.

Kuchipatala, mawu atayamba kuwathera, anapempha mkazi wawo chinthu chimodzi chokha, kuti asunge masambawo mpaka mnzawo wa kuntchito, amene onse ankamutcha Mandevu, adzawatenge. Akazi ena amasiyiridwa nyumba ndi minda. Iye anasiyiridwa masamba, ndipo anavomera ndi mtima wonse.

Amene anawatulutsa m'filiji anali alamu ake, chemwali wamkulu wa malemu, mayi wosadziwa kukhala pansi, amene analanda khitchini tsiku lomwe maliro anachitika. Iwo anaona ngati ndi ndiwo zakale zoiwalika.

"Alamu, mwawatulutsa liti amenewa?"

"Dzulo m'mawa. Nanga nyama ikanawola, anthu akanadya chiyani?"

Namfedwa anali munthu wofatsa, koma tsiku limenelo pakamwa panamutsogolera. Anawauza kuti m'nyumba ya mwini saotcheramo mbewa, ndiponso kuti pa nthawi ya matenda sanawaone kwenikweni. Alamuwo anayankha kuti malemuyo anamubereka kumsana iwowo, mkazi wake asanabadwe n'komwe. Atatero anakalongedza chikwama chawo n'kukakhala nacho pakhonde, kudikira galimoto.

Mandevu anafika masana atanyamula bokosi la ayezi. Anatsegula kajumbo kamodzi, n'kununkhiza. Masamba anali atafiira ngati dzimbiri. Anayang'ana ena onse, mwina n'kupeza kamodzi kopulumuka, koma ayi ndithu. Ananena motsitsa mawu kuti mpweya wamaliza kale ntchito yake, zomwe malemu ankafuna kuyeza mulibenso.

Namfedwa analira kuposa mmene analirira kumanda. Kumanda kuja anali wolandidwa. Apa anadziona wolephera, pa chinthu chimodzi chokha chimene anapemphedwa. Kuchokera pakhonde kunamveka mawu a alamu aja, osasa, osalankhula ndi munthu aliyense.

"Ndiye kuti mwana wa mayi anga ndamuika m'manda kawiri."

Mandevu anapempha chiwaya. Anayala masamba aja, n'kumawatembenuza ndi supuni pamoto wochepa mpaka anauma. Fungo linadzaza khitchini. Anateleka madzi, n'kutsuka kapu imodzi.

"Mayi," anatero, "kuntchito kwathu munthu akawononga masamba chonchi, amuna anu sankakalipa. Ankawaumitsa okha, n'kuphika, kapu yoyamba n'kupatsa wolakwayo. Ankati munthu wamanyazi ukamusiya chimanjamanja, mawa lake sabweranso."

Namfedwa anali asanamvepo zimenezi, koma anawazindikira amuna ake m'menemo. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, n'kuthira tiyi uja, wofiira bwino. Anaikamo shuga wambiri, poti ku banja la amuna ake onse ndi a shuga wambiri.

Anatuluka nayo kapuyo pang'onopang'ono kuti tiyi asatayike. Alamu aja sanadzutse mutu. Namfedwa anakankhira chikwama chija pambali, n'kukhala pansi pafupi nawo.

"Alamu, landirani. Ndi wa achimwene anu uyu, imwani usanazizire."