Dzanja la Ummy

Ummy ankapinda malaya a mchimwene wake Shabani pamene dzanja lamanzere linachitanso dzanzi. Malaya anagwa pansi. Mariamu, mkazi wa malemuyo, anawatola.

Shabani anali ataikidwa dzulo lake konkuno ku Dubai. Anakomoka pachiwongolero ku Al Garhoud akudikira alendo, osadzukanso. Dokotala anati mtsempha waukulu wochokera kumtima unali wotupa kwa nthawi yaitali, unafooka n'kufufuma ngati chubu cha njinga mpaka kuphulika. Kani msana ankadandaula uja unali umenewo! Ummy ndiye ankamuthowa ndi madzi otentha Lachisanu lililonse m'kachipinda komweka ku Deira. Ankamva chinthu chikugunda pamwamba pa mchombo, iye n'kumaseka kuti achimwene ali ndi mitima iwiri. Kuseka kumeneko kunkamuwawa kuposa maliro.

Dokotala yemweyo, atamva kuti Ummy amachita dzanzi ndiponso amatentha thupi pafupipafupi, anamugwira pamkono. Anafufuza kugunda kwa magazi, osakupeza. Nkhope ya dokotalayo inasintha, ndipo anamuuza kuti abwere msanga adzamuunike. Ummy anakana. Madamu amene ankawagwirira ntchito ya m'nyumba ku Al Mankhool sankafuna wantchito wodwala. Mtsikana amene analipo iye asanabwere anakwezedwa ndege kubwerera kwawo chifukwa cha chifuwa chabe.

"Alamu, ndiike anthu awiri kuchilendo kuno?" anafunsa Mariamu.

"N'kutopa basi. Khalas, nkhaniyi ithere pompa," anatero Ummy.

Anapitiriza kupinda malaya ena ndi dzanja lamanja lokha.

Kunja kunamveka odi. Anali Clifford wa ku Chipata, dalaivala mnzake wa Shabani, makiyi ali m'manja. Anapepesa maliro, kenako anafotokoza mwamanyazi kuti mwezi watha Shabani anamugwirira ntchito masiku ake opuma, n'cholinga choti lero abwereke galimoto ya Clifford apite ndi mlongo wake Ummy kuchipatala. Akuti Shabani anaona mlongo wakeyo m'sitima ya Metro akulephera kukweza dzanja kuti agwire chitsulo.

"Galimoto ili panja, mayi," anatero Clifford. "Sindingadye thukuta la munthu wakufa."

"Nanga za msana wawo anakuuzani?" anafunsa Mariamu.

"Ayi. Anangoti mlongo wanga ndi wamakani, tidzachita kumunamiza kuti tikupita kukagula nsalu."

Ummy anasiya kupinda malaya. Kenako anatola mpango wake kuti afunde kumutu, koma dzanja linakanika kufika paphewa. Mariamu anaimirira n'kumumanga mpangowo kuti azipita kuchipatala.